Kodi mabungwe othandiza alimi akumudzi amachita chani kwenikweni pa nkhani yosamala nthaka?

Mwana_wa_mlimi analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso ndipo ndingakonde andiyankhe anthu amene zinthuzi anaziona ndi maso kapena anagwirako ntchito yake. Kumudzi kwa makolo anga kwabwera bungwe lina lomwe si laboma, akuti akufuna kuthandiza alimi kuti azikolola zambiri koma osaononga nthaka. Zimene akuwauza nzakuti asiye kugalauza munda chaka ndi chaka, mapesi asamaotche koma aziphimbira nawo pansi, chimanga azisakaniza ndi mbewu za mtundu wa nyemba, adzale mitengo m'munda momwemo komanso alowe m'gulu. Mbewu ndi feteleza akuti si zaulele ayi, ndi ngongole yobweza pang'onopang'ono, nde apa ndi pamene mayi anga akukayika chifukwa anazolowera kuti bungwe likabwera limagawa zinthu basi.

Chimene ndikufuna kudziwa nchakuti mabungwe amenewa thandizo lawo lenileni limakhala pati? Ndi maphunzirowo, ndi ngongoleyo, kapena ndi chani? Ndipo munthu ungadziwe bwanji kuti ili ndi bungwe loti lisinthadi munda wa mayi ako, osati longodzalemba maina nkupita? Munda wathu ndi waung'ono ndipo chaka chimodzi chokha chikalakwika pakhomo pamakhala njala, nde sindikufuna kuwalimbikitsa chinthu choti chidzawalize.

Mlangizi_wakale anayankha:

Zikomo achimwene pofunsa kaye musanawauze mayi kuti alowe kapena akane. Ine ntchito yanga ndi yaulangizi ndipo mabungwe ndagwira nawo osiyanasiyana, ena olimbikira kwambiri ena ongobwera kudzajambula zithunzi za lipoti. Ndiyambe ndi vuto lenilenilo chifukwa mukalimvetsa mudzatha kuona nokha ngati bungwelo likuchita zanzeru.

Nthaka ya alimi ang'onoang'ono ambiri inatopa. Munda womwewo, mbewu yomweyo chaka ndi chaka, zokolola zimachoka, mapesi amaotchedwa kapena kudyedwa ndi ziweto, nde palibe chimene chimabwerera pansi. Nthaka yotere siisunga madzi, mvula ikagwa yamphamvu imakokolola dothi la pamwamba lomwe ndi lachonde, ikangodula masabata awiri mbewu zafota kale, ndipo ngakhale muthire feteleza sagwira bwino ntchito chifukwa gawo lina limangotsukika. Zimene akuwauza mayizo ndi ulimi wa mtayakhasu ndipo umayima pa zinthu zitatu, osasokoneza nthaka kwambiri, kuiphimba nthawi zonse, ndi kasinthasintha kapena kasakaniza wa mbewu. Mapesi akakhala pansi madontho a mvula samenya dothi mwachindunji, madzi amalowa pansi m'malo mothamanga, chinyezi chimakhalitsa ndipo mapesiwo akamaola amasanduka chakudya cha nyongolotsi ndi tizilombo tina tothandiza. Mbewu ngati nandolo, khobwe, soya ndi mtedza zili ndi timatuza m'mizu momwe mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitrojeni mu mpweya nkumuika m'nthaka, mukazula mtedza muyang'ane mudzationa. Nandolo ndimamukonda kwambiri chifukwa mizu yake imapita pansi zedi, amapirira ng'amba, amayoyola masamba ambiri m'munda ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Pa mitengo pali gilirisidiya amene mumadulira masamba ake nkukwirira ngati manyowa, ndi msangu umene umayoyola masamba nthawi ya mvula pamene mitengo ina ikuphuka, nde suphimba mbewu ndi mthunzi koma umazithirira manyowa. Akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, ku Nairobi akhala akufufuza za mitengo imeneyi kwa zaka zambiri, si zongopeka za bungwe lanulo.

Koma apa mumvetsetse, zonsezi sizibereka chaka chimodzi. Gilirisidiya amafuna zaka zingapo kuti masamba ake achuluke, msangu ndiye umatenga nthawi yaitali kuposa apo, ndipo chaka choyamba cha mtayakhasu udzu umavuta, nthawi zina chimanga chimaoneka chachikasu chifukwa tizilombo toolesa mapesi timayamba tagwiritsa ntchito nayitrojeni yemweyo. Mlimi wosauka sangadikire zaka zitatu ana akulira njala. Nde kwa ine ntchito yeniyeni ya bungwe ili pamenepa, kumuolotsa mlimi pa zaka zoyambirirazo kuti asataye mtima nthaka isanayambe kubweza. Uthenga woti "musaotche mapesi" aliyense atha kuunena pa wailesi, chovuta ndi kukhala naye mlimiyo mpaka aone phindu.

Amaolotsa bwanji? Njira imodzi ndi ngongole imene mukuikayikirayo. Bungwe la One Acre Fund linayamba mu 2006 kumadzulo kwa Kenya, anayambitsa ndi Andrew Youn ndi anzake, ndipo maganizo awo anali akuti mlimi salephera chifukwa cha ulesi koma chifukwa mbewu yabwino ndi feteleza zili kutali, zimafika mochedwa, ndipo nthawi yodzala ndi imene m'thumba mulibe kanthu. Nde amabweretsa zipangizo pafupi ndi mudzi mvula isanagwe, amaphunzitsa kadzalidwe ndi kathiridwe, mlimi nkumabweza pang'onopang'ono. Panopa akugwira ntchito m'maiko angapo monga Rwanda ndi Burundi. Ubwino wa ngongole ndi woti mlimi amakhala kasitomala, zikakhala zosathandiza chaka chamawa salembetsanso ndipo bungwe limadziwa kuti lalakwitsa, pamene zaulele palibe amakana ngakhale zikhale zopanda ntchito.

Njira ina ndi kuphunzitsa kuti feteleza wochepa yemweyo agwire ntchito yaikulu. A ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu za m'madera ouma, anayesa ku Niger ndi maiko oyandikana nawo kuthira feteleza wongokwana pa kachitsekero ka botolo pa phando lililonse m'malo momwaza munda wonse, ndipo alimi osauka anaona kusintha. Bungwe lanzeru silimuuza mlimi kuti taya feteleza lero, limati phatikiza wochepayo ndi manyowa ndi mbewu za nyemba. Ndipo kaphunzitsidwe kake kamafunika, sukulu za alimi za m'munda zimene FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, inayambitsa ku Indonesia mu 1989 pa alimi a mpunga zinafalikira m'maiko ambiri chifukwa alimi samangouzidwa, amakumana sabata ndi sabata pa munda umodzi, gawo lina alima mwa kale gawo lina mwatsopano, nkumaona okha kusiyana mpaka kukolola.

Khasu_m'manja anayankha:

A mlangizi mwafotokoza bwino ndipo sindikutsutsa za sayansiyo, koma ndiloleni ndinene mbali imene sinenedwa pa misonkhano chifukwa ine ndine mlimi ndipo mtayakhasu ndinauchitapo pansi pa pulojekiti ina, sinditchula dzina.

Choyamba mapesiwo. Munda wotopa umatulutsa mapesi ochepa, osakwana kuphimba munda womwewo, nde amakuuza kuti ukamwete udzu kwina ubwere nawo, ntchito imeneyo ndi yowawa ndipo palibe amaiwerengera. Waphimba bwinobwino, mukangokolola anthu amasula ng'ombe ndi mbuzi zawo, zalowa zadya zonse, kapena moto walusa kuchokera kutchire munda wonse psiti. Ukadandaula akuti munda ukakololedwa ndi wa aliyense. Ngati uli ndi ziweto zako ndiye uli pakati, mapesi omwewo ukufuna udyetse ng'ombe nthawi ya chilimwe, omwewonso akuti uphimbire. Chachiwiri udzu. Ukasiya kugalauza udzu umamera ngati wachita kudzalidwa, pulojekiti ilipo amatipatsa mankhwala opha udzu ndi sipuleya, itatha mankhwala aja kugula wekha, ambiri tinaona anzathu akubwerera ku khasu mwakachetechete.

Ndipo munda wachitsanzo uja musamaukhulupirire kwambiri achimwene. Umakhala m'mbali mwa msewu, mbewu yabwino, feteleza wokwanira wothiridwa pa tsiku lake, gulu lonse limapalira, alendo akabwera pa galimoto amaomba m'manja. Ukongola bwanji osakongola? Funso ndi loti munda wa mayi wamasiye amene ali kuseri uko, wopanda womuthandiza kupalira, ukuoneka bwanji. Chinanso chimene chinaononga zinthu ndi alawansi, anthu anazolowera kuti tireningi ndi pamene pamakhala kenakake kolowa m'thumba, nde amabwera odzalandira osati odzaphunzira, mlimi wotsogolera amasankhidwa m'bale wa mfumu, njinga walandira, kumunda kwa anzake safikako.

Mapulojekiti ambiri amakhala a zaka zitatu kapena zisanu chifukwa ndalama za madona zimabwera choncho, pamene a mlangizi anena okha kuti nthaka imafuna nthawi. Nde nthawi imene zinthu zikanayamba kuoneka ndi imene galimoto zimasiya kubwera. Mlimi akamakakamira njira yake yakale si umbuli ayi, akudziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, zokolola zochepa zimene akuzidziwa zimamusunga kusiyana ndi zambiri zolonjezedwa. Ine ndinatsala ndi ziwiri zokha mwa zonse anatiphunzitsa, kusakaniza nandolo ndi kusaotcha mapesi, ndipo ziwirizo zandithandizadi, nthaka inafewa, koma kusiyiratu khasu munda wonse sindinakwanitse.

Mayi_wa_gulu anayankha:

Bambo a Khasu mwanena zoona pa udzu, ndipo ndionjezere kuti udzu ukachuluka amene amawerama kupalira kwambiri ndi amayi ndi ana, nde bungwe likamabweretsa njira yatsopano lizifunsa kuti ntchito yoonjezerayo igwera ndani. Koma ine ndikufuna ndinene za gululo chifukwa mwana wathu wafunsa kuti thandizo lenileni lili pati, kwa ine lili pamenepo.

Banki mkhonde anthu amaiona ngati si nkhani ya ulimi koma ndi ya ulimi kwambiri. Njira imeneyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991 ndi magulu a amayi, ndipo bungwe siliikamo ndalama yake ngakhale pang'ono, limangophunzitsa kayendetsedwe. Anthu 15 mpaka 30 amakumana sabata iliyonse, aliyense amagula masheya monga wathera, ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, amakongozana okhaokha ndi chiwongoladzanja chimene agwirizana, pamakhalanso kathumba kapadera ka matenda ndi zovuta zina, chaka chikatha amagawana. Gulu lanzeru limaika nthawi yogawana kuti igwe pafupi ndi nthawi yogula mbewu. Ndiye taonani, mwana akadwala pakati pa dzinja mayi sagulitsa mbewu ili m'munda kwa venda pa mtengo wolira, sagulitsanso feteleza amene anatenga pa ngongole, amakakongola ku gulu. Zimene zimagwetsa alimi nthawi zambiri si za kumunda ayi, ndi matenda, fizi, ngongole za katapila, nde ukatseka bowo limenelo ndi pamene munthu amatha kudikira kuti mitengo yake ikule. Ndipo magulu amenewa ambiri amapitirira bungwe litachoka kalekale chifukwa ndalama ndi zawo, malamulo ndi awo.

Chachiwiri ndi ziweto zopatsirana. A Heifer International anayamba mu 1944, woyambitsa wake Dan West, ndipo lamulo lawo lodziwika ndi loti ukalandira chiweto, mwana woyamba wamkazi umapereka kwa banja lina limodzi ndi nzeru zimene waphunzira. Mabungwe ambiri anatengera njira imeneyi ndi mbuzi, nkhuku ngakhale mbewu. Kukoma kwake ndi koti wolandira uja mawa amakhala wopereka, ulemu wake umabwerera, ndipo anzake amene akudikira pa mzere amamuyang'anira kuti asagulitse kapena kulekerera chiweto. Pa ulimi phindu lake ndi manyowa, khola likakhala lam'mwamba zitosi zimagwera pansi mumangokokola nkupanga kompositi. Koma ndaonaponso zikulephereka, bungwe linagawa mbuzi za mtundu wachilendo popanda wophunzitsidwa za katemera ndi mankhwala pafupi, zinafa zambiri anthu nkuyamba kulozana zala. Nde mukafunse ngati pali munthu wa m'mudzi momwemo amene amuphunzitsa kusamalira ziweto zikadwala.

Chomaliza chimene amuna ambiri sachiganizira, munda ndi wa ndani? Munthu sadzala mtengo kapena kuthira manyowa zaka zitatu pa munda wobwereka kapena woti achibale a mwamuna atha kumulanda tsiku lililonse. Ndaona amayi akukonza munda wa lendi mpaka kubwerera chonde, chaka chotsatira mwini wake akuti ndilima ndekha. Bungwe limene silifunsa za umwini wa malo lisanagawe mbande za mitengo ndiye kuti silinakhale pansi ndi anthu.

Wokonda_mitengo anayankha:

Nkhani yakoma iyi. Ine ndikufuna ndiyankhe a Khasu pa mfundo yoti pulojekiti ikatha zonse zimatha, chifukwa si nthawi zonse, ndipo zimene zinapitirira zili ndi pofanana pake.

Ku Niger m'zaka za m'ma 1980 mabungwe anataya ndalama zambiri kudzala mbande, zambiri zimafa ndi dzuwa, mphepo ndi mbuzi. Tony Rinaudo wa ku Australia amene ankagwira ntchito dera la Maradi anazindikira mu 1983 kuti tizitsamba timene alimi amadula chaka chilichonse posokosa si tizitsamba wamba, ndi zitsa za mitengo imene inadulidwa kale ndipo mizu yake ikadali yamoyo pansi. Nde m'malo modzala anayamba kulimbikitsa alimi kuti pa chitsa chilichonse asankhe mphukira zochepa zamphamvu, zinazo adulire, nkumaziteteza. Poti mizu ndi yaikulu kale mtengo umakula msanga kuposa mbande. Palibe nazale, palibe machubu, palibe kuthirira, chida ndi chikwanje chimene mlimi ali nacho kale. Poyamba anthu amamuseka, koma ataona nkhuni, chakudya cha ziweto ndi mbewu zikutetezeka ku mphepo yamchenga anayamba kutengerana okhaokha, ndipo kafukufuku anapeza kuti mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anabwerera mitengo, mitengo yokwana ngati 200 miliyoni. Chinathandizanso ndi choti alimi anayamba kuona kuti mtengo wa m'munda mwawo ndi wawo, atha kuudulira osaopa kugwidwa, zomwe zikugwirizana ndi zimene anena mayi pamwambapa. Pambuyo pake World Vision inafalitsa njirayi m'maiko ambiri.

Ku Burkina Faso kunali mlimi Yacouba Sawadogo, sanali wa bungwe lililonse, anatenga njira yamakolo yokumba maenje otchedwa zaï nkuikonza, maenje okulirapo okumbidwa chilimwe nkuikamo manyowa. Manyowawo amakoka chiswe, chiswe chimaboola nthaka youma gwa ija, mvula ikabwera madzi amalowa m'malo mothamanga, malo amene anali atasiyidwa anayamba kubereka mapira mpaka kumera nkhalango. Mabungwe anabwera pambuyo kudzathandiza kuti alimi ena akaone ndi kuphunzira. Sawadogo ndi Rinaudo analandira mphoto yapadziko lonse ya Right Livelihood mu 2018. Ku Honduras nako alimi a kumapiri a kumpoto anafalitsa okha kalongonda ngati mbewu yophimba nthaka m'minda ya chimanga, amapha udzu ndi kuonjezera chonde, amangopatsana mbewu mnansi ndi mnansi.

Pa zoteteza mbewu pali njira ya icipe, bungwe lofufuza za tizilombo la ku Kenya, imene Zeyaur Khan ndi anzake anakonza, mumadzala desimodiyamu, chomera cha mtundu wa nyemba, pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere kuzungulira munda. Fungo la desimodiyamu limathamangitsa agulugufe a kapuchi, nsenjere imawakoka kuti akaikire mazira kumeneko komwe mbozi zambiri sizikula, ndipo mizu ya desimodiyamu imalepheretsa kaufiti kuyamwa chimanga. Zonse ziwiri ndi chakudya chabwino cha ng'ombe zamkaka nde vuto la mapesi lija limachepa. Ntchemberezandonda zitalowa mu Africa mu 2016 anapezanso kuti minda yotereyi imagwidwa mocheperapo. Koma njira iyi kufalikira kwake nkochedwerapo chifukwa mbewu ya desimodiyamu imasowa ndipo chaka choyamba imafuna chisamaliro.

Mukaziika pamodzi muona kuti zimene zimayenda zokha ndi zosafuna kugula chinthu chaka ndi chaka, zogwiritsa ntchito zimene zili kale pamalopo, ndipo phindu lina limaoneka msanga ngakhale lalikulu likubwera mochedwa. Nde mukamamva zimene bungwe likuphunzitsa, pa chilichonse dzifunseni kuti kodi ichi mayi angachipitirize popanda galimoto ya bungwe kubwera?

Mwana_wa_mlimi anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri ndipo zambiri ndiwafotokozera mayi pa foni. Munda ndi wawo ndithu nde za mitengo palibe vuto. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi ngongoleyo a mlangizi. Nanga akatenga mbewu ndi feteleza kenako mvula nkudula, kapena madzi nkusefukira, abweza ndi chani? Si pamene munthu amagulitsa mbuzi kapena ziwiya kuti abweze ngongole ya chinthu chimene sichinabereke? Komanso akakolola zambiri monga akulonjezeramo, agulitsa kuti, poti nthawi yokolola aliyense amakhala ndi zomwezo ndipo mavenda amagula motchipa?

Mlangizi_wakale anayankha:

Nkhawa yanu ndi yoyenera achimwene ndipo funso limenelo mukalifunse kwa iwo eni pamaso pa gulu, yankho likhale lolembedwa pa fomu osati lapakamwa. Mufunse ndalama yonse yobweza ndi zingati kuphatikizapo tindalama ta kalembera ndi ta mayendedwe, tsiku lomaliza kubweza ndi liti, ndipo mvula ikalephera chimachitika ndi chani. Mabungwe ena amaphatikiza inshuwalansi mu ngongolemo kuti chilala chikagwa ngongole ichepetsedwe kapena mlimi alandire kenakake. WFP, nthambi ya United Nations yothandiza pa chakudya, ndi bungwe la Oxfam America anayambitsa ndondomeko yotchedwa R4 mu 2011 kuchokera pa zimene anayesa ku Tigray ku Ethiopia, pamene mlimi wosauka amatha kulipira inshuwalansi ndi ntchito yosamalira nthaka ndi madzi m'dera lake m'malo mwa ndalama. Koma mudziwe kuti inshuwalansi zambiri zoterezi siziyang'ana munda wa munthu payekha, zimayang'ana mvula imene yayezedwa m'dera lonse ndi makina kapena satelayiti, nde zimatheka munda wa mayi kupserera koma makina nkunena kuti mvula inagwa yokwanira, osalandira kanthu. Afotokozeredwe zimenezi poyera asanasaine.

Malangizo anga ndi oti chaka choyamba asatenge ngongole ya munda wonse ndipo asasinthe munda wonse. Atenge kagawo kamene angathe kukaphimba bwino ndi mapesi amene ali nawo ndi kukapalira pa nthawi yake, kwinako alime monga amalimira, akolole padera ayeze padera. Bungwe labwino silikana zimenezo, limasangalala nazo. Limene likukakamiza kuti zonse kapena ayi, kapena likuthamangira chiwerengero cha anthu olembetsa, ndiye muchenjere nalo. Mufunsenso kuti mlangizi wawo amakhala kuti, ngati amakhala m'dera momwemo nkumayenda m'minda kapena amangobwera tsiku la alendo, komanso ngati akugwira ntchito limodzi ndi alangizi a boma chifukwa iwowo ndi amene adzatsale. Ndipo ngati bungwelo linagwirapo ntchito mudzi wina zaka zapitazo, pitani kapena tumani munthu akacheze ndi alimi akumeneko popanda wa bungwe kumvetsera.

Za msika, apa ndi pamene mapulojekiti ambiri amagwera, amalimbikitsa soya kapena nandolo mudzi wonse osaganiza wogula. Thandizo loyamba ndi kasungidwe kuti munthu asakakamizike kugulitsa nthawi yokolola. Matumba a PICS amene anakonzedwa ku yunivesite ya Purdue ku America ali ndi mapepala apulasitiki awiri mkati ndi thumba wamba kunja, mukamanga bwino lililonse palokha mpweya sulowa, anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala, ndipo thumba limagwira ntchito zaka zingapo likapanda kubooka. Chofunika mbewu iume bwinobwino isanalowe, apo ayi mumalowa chuku ndipo chuku china chimatulutsa poizoni woononga chiwindi, makamaka pa mtedza ndi chimanga, ndi kuika matumbawo pamwamba kutali ndi makoswe. Kusunga miyezi ingapo nthawi zambiri mtengo umakhala utakwera ndipo pakhomo chakudya chilipo. Thandizo lachiwiri ndi kugulitsa pamodzi ngati gulu kapena kopaletivu, katundu akachuluka wogula wamkulu amabwera yekha, mumakhala ndi sikelo yanu yosaberedwa, mumakambirana mtengo. Izi zimafuna kukhulupirirana ndi mabuku olembedwa bwino, nchifukwa chake magulu amene anayamba ndi banki mkhonde amachita bwino pa zimenezi, anaphunzira kale kuwerengerana ndalama poyera.

Khasu_m'manja anayankha:

Za kagawo kakang'onozo ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndi mmene zimayenera kuyambira. Ndionjezere kuti nkhani ya ziweto ndi moto munthu mmodzi sangaithe, gulu lipemphe bungwelo liitanitse mafumu ndi eni ziweto mugwirizane malamulo mapesi asanayalidwe, kuti ziweto zizidyetsedwa kuti ndipo wolekerera alipira chani. Popanda zimenezo mayi adzavutika kuyala kenako ng'ombe za eni zidzadya. Ndipo pophimba asiye kampata pang'ono pa phando, mbewu ikamamera isapanikizike.

Mayi_wa_gulu anayankha:

Chimodzi mwana wanga musaiwale kufunsa, ngongoleyo ndi ya munthu payekha kapena ndi ya gulu? Mabungwe ambiri amati mmodzi akalephera kubweza gulu lonse silitenganso chaka chamawa, kapena anzake amulipirire, nde mayi asankhe okha anthu olowa nawo, anthu amene amawadziwa kalimidwe kawo ndi kabwezedwe kawo, asangoikidwa pa gulu ndi wina. Ndipo poti olima ndi iwowo, dzina la pa fomu ndi nambala ya foni yolandirira mauthenga zikhale zawo, lisiti lililonse akabweza azisunga, ndipo ku maphunziro azipita okha osatuma mwana. Akadzala nandolo mu kagawo kaja asunge mbewu yake padera akakolola kuti chaka chamawa asadzadikire ya bungwe.